Ndodo imene inachititsa manyazi Arnold Palmer

Pa bwalo la gofu la Rancho Park, mumzinda wa Los Angeles ku America, pali chikwangwani chachitsulo chimene osewera amaima n'kuwerenga asanayambe dzenje la nambala 18. Zikwangwani zotere amaziika pokumbukira chipambano, koma ichi chimakumbutsa tsiku limene Arnold Palmer anatha mashoti 12 pa dzenje limodzi. Ndodo imene inamuika m'mavutowo inali 3-wood, yomwe ija ili m'chikwama chanu.

Munali mu Januwale 1961, tsiku loyamba la mpikisano wa Los Angeles Open. Palmer sanali mwana pa gofu. Mu 1960 anali atatenga zikho ziwiri zikuluzikulu, cha Masters ndi cha US Open, ndipo chikhamu cha anthu chinkamulondola dzenje ndi dzenje chifukwa ankadziwika kuti saopa. Dzenje lija ndi la par 5, kutanthauza kuti wosewera bwino amalimaliza ndi mashoti asanu, ndipo panthawiyo kutalika kwake kunali mayadi opitirira pang'ono 500. Kumanja kwake kuli malo ophunzirirapo kumenya mipira, kumanzere kwadutsa msewu wa Patricia Avenue. Konseko ndi kunja kwa malire. Lamulo la mpira wotuluka m'malire ndi lowawa: shoti wamenyayo imawerengedwa, amakuwonjezera ina yachilango, kenako umabwerera pomwe unaima paja n'kumenyanso. Mtunda wonse umene mpira unayenda umangopita pachabe.

Shoti yoyamba ya Palmer inali yabwino, mpira unakhala pa fairway. Apa njira zinalipo ziwiri. Akanatha kutenga iron, kukankhira mpira pamalo otakasuka, n'kufika pa green ndi shoti yachitatu yaifupi. Iye anasolola 3-wood kuti afike ndi yachiwiri. Mpira unapotokera kumanja n'kutuluka. Anagwetsa wina, ndodo yomweyo, ndipo mpirawo unatsata mnzake. Pofuna kuwongola anapitirira muyeso: wachitatu unakhotera kumanzere n'kukagwa ku Patricia Avenue, wachinayi chimodzimodzi. Wachisanu ndi umene unafika pa green, koma n'kuti shotiyo ili kale ya nambala 10. Anagubuduza kawiri kuti mpira ulowe, zonse pamodzi 12, ndipo mpikisanowo sanafike nawo kumapeto.

Pa mpira woyamba uja sindimuimba mlandu. Munthu wa manja ngati a Palmer anali ndi chifukwa choyesera. Mlandu wagona pa wachiwiri mpaka wachinayi. Woyamba utatuluka, iye anali pa shoti yachinayi. Akanakankha ndi iron, yachisanu ikanafika pa green, n'kulemba 7, chilonda choti chikanapola mawa lake. Koma mtima ukapsa, dzanja limabwerera ku ndodo imene yangokuchititsa manyazi, ngati kuti pali ngongole yoti ibweze pompo. Zimenezi zimachitika Loweruka lililonse pa mabwalo athu. Mpira wagubuduka mayadi 40 okha, caddie wasolola kale ndodo ina n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana, apa 7-iron ikhoza kutithandiza," koma bwana sakuyang'anako n'komwe, akupukuta nkhope ya 3-wood pa thalauza.

Kuti timvetse chifukwa chake ndodoyi imalanga chotere, tiyenera kuiyang'anitsitsa. Dzina lakuti wood linatsalira kuchokera nthawi imene mitu ya ndodozi inkasemedwa ku mtengo wa persimmon. Mitu yachitsulo inayamba kufala kampani ya TaylorMade itabadwa mu 1979, ndipo lero ya mtengo simungaione pa mpikisano. Chimene sichinasinthe ndi kapangidwe kake. Mpini wa 3-wood ndi wautali pafupifupi mainchesi 43, kuposa ndodo ina iliyonse imene timamenya mpira uli pansi. Nkhope yake inapendekeka madigiri 15 okha. Ya 5-wood imakhala cha m'ma 18, ya 7-wood cha m'ma 21, ndipo mipini yawo imafupika pang'onopang'ono. Driver ndi yaitali kuposa zonsezi, koma iyo imapeza mpira utakwezedwa pa tee, ndipo mutu wake ndi waukulu mpaka 460cc. Mutu wa 3-wood sufika ngakhale theka la pamenepo.

Ndiye onani zimene mukupempha thupi lanu. Mwaima kutali ndi mpira, mutu wa ndodo ukubwera pa liwiro lalikulu, ndipo uyenera kupeza kampira kamene kakhala pa udzu popanda kugunda nthaka msanga kapena kudutsa pamwamba. Kuphonya ndi chala chimodzi kokha, shoti yatha. Komanso nkhope yosapendekeka kwambiri imakulitsa kukhota: nkhope ikatseguka pang'ono, mpira wa 9-iron umangopatuka mayadi ochepa, pamene wa 3-wood umakathera kutchire. Chachitatu, chimene ambiri sakhulupirira mpaka atayeza, n'chakuti madigiri 15 amafuna liwiro kuti mpira ukwere. Wosewera wa mphamvu zapakatikati akamenya 3-wood pansi, mpira umayenda chokwawa n'kugwa msanga, ndipo kawirikawiri 5-wood yake imauluka mtunda wofanana kapena kuposerapo. Wanyamula ndodo yovuta kwambiri popanda phindu lililonse la mtunda.

Nanga bwanji tonse timaikakamira? China n'chakuti nkhani zimene timauzana ndi za opambana okha. Mu 1935, pa dzenje la 15 ku Augusta National, Gene Sarazen anamenya 4-wood kuchokera pa mayadi 235 ndipo mpira unalowa m'dzenje, mashoti awiri pa par 5. Anafanana mphamvu ndi Craig Wood, mawa lake n'kumugonjetsa. Corey Pavin anatseka US Open ya 1995 ku Shinnecock Hills ndi 4-wood yomwe anthu amaionerabe. Padraig Harrington anamenya 5-wood pa dzenje la 17 ku Royal Birkdale mu 2008 n'kuimika mpira pafupi ndi mbendera. Zonsezi ndi zoona ndipo ndi zokoma kuzimva. Koma pa Augusta pomwepo, mu 1985, Curtis Strange anafika pa dzenje la 13 tsiku lomaliza ali patsogolo ndi mashoti atatu, atadzuka kuchokera pa 80 ya tsiku loyamba. Anatenga 4-wood kuti aoloke kamtsinje kodutsa kutsogolo kwa green, mpira unagwera m'madzi. Pa dzenje la 15 anamizanso wina ndi iron, ndipo jekete lobiriwira, limene amaveka wopambana Masters, linapita kwa Bernhard Langer. Nkhani ya Strange sitiikamba kawirikawiri m'bala ya kalabu, chonsecho ndi imene imafanana ndi masewera athu.

Munthu amene ndimafuna wosewera aliyense amudziwe ndi David Toms. Pa PGA Championship ya 2001 ku Atlanta Athletic Club, tsiku lachitatu, anamenya 5-wood pa dzenje la 15, par 3 ya mayadi 243, mpira n'kulowa ndi shoti imodzi. Palibe akanati sadziwa kugwira ndodoyo. Mawa lake anafika pa dzenje lomaliza ali patsogolo pa Phil Mickelson ndi shoti imodzi yokha. Mpira wake unaima m'mbali mwa fairway pamalo opendekeka, green ili mayadi opitirira pang'ono 200, madzi ali kutsogolo kwake. Mtundawo unali wa 5-wood yomweyo ya dzulo, ndipo chikhamu chinkayembekezera kuti aisolola. Toms anayang'ana mmene mpira wakhalira, anaona kuti kuchokera pamenepo sungakwere bwino n'kuima pa green youma, ndipo anatenga wedge n'kukankhira mpira pafupi ndi madzi. Wedge ina inausiya mafiti 12 kuchokera pa dzenje, anagubuduza kamodzi, chikho n'kukhala chake. Anthu ena anang'ung'udza poona katswiri akukana kuoloka, koma pa pepala la zigoli salembapo kulimba mtima. Zach Johnson nayenso anatenga Masters ya 2007 osayesa ngakhale kamodzi kufika pa green ya par 5 ndi mashoti awiri.

Chimene Toms anayang'ana poyamba ndi malo amene mpira wakhala, mtunda unabwera pambuyo. Ambirife timayamba ndi kufunsa kuti kwatsala mayadi angati, tikamva 220 dzanja lili kale pa 3-wood. Weramani kaye muone. Ngati mpira wakhala pamwamba pa udzu wometedwa bwino, pamalo athyathyathya, ndodo yaitali ili ndi mwayi. Ngati wamira mu udzu wautali, udzuwo umalowa pakati pa nkhope ndi mpira n'kukola mutu wotakatawo. Ngati muli potsetsereka, phazi lakutsogolo lili m'munsi, chitundacho chimachotsanso madigiri pa ochepa amene munali nawo. Kwa womenyera kudzanja lamanja, mpira ukakhala pamwamba kuposa mapazi umakhotera kumanzere, ukakhala m'munsi umathawira kumanja. M'chilimwe, udzu ukauma n'kusiya nthaka yolimba gwa, pansi pa mutu wa ndodo pamadumpha n'kumenya mpira pamimba. Pamalo onsewa iron kapena hybrid idzakufikitsani kutali kuposa 3-wood yophonya.

Malo akalola, kamenyedwe kake kamafuna kudekha. Mpira ukhale chakutsogolo, kumbuyo pang'ono kwa pomwe mumauika pa driver, cham'kati mwa chidendene chakutsogolo. Vuto lalikulu limabwera munthu akaona nkhope yoongokayo n'kuganiza kuti ayenera kuthandiza mpira kukwera. Amatsamira ku phazi lakumbuyo, chifuwa chimadzuka, ndipo ndodo imafika pa mpira ikukwera kale n'kuupala pamutu. Kukweza mpira ndi ntchito ya madigiri aja. Yanu ndi kusamutsira thupi ku phazi lakutsogolo n'kulola mutu wa ndodo kupala udzu pomwe pali mpira kapena kutsogolo pang'ono. Ndodoyi imayenda ngati tsache losesa pabwalo, pamene iron yaifupi imatema ngati khasu. Kachipsera kakang'ono pa udzu ndi chizindikiro chabwino. Musamenye ndi mphamvu zonse. Liwiro limene mungathe kumaliza nalo mutaima nji osadzandira ndilo lanu. Pa tee, mpira ukwere pang'ono chabe pamwamba pa udzu. Mukaukweza ngati wa driver, mutu waung'onowo umadutsa pansi pake.

Pa tee pomwepo ndi pamene 3-wood imabwezadi ndalama zake. Henrik Stenson anaidalira kwambiri pamene ankagonjetsa Mickelson ku Royal Troon mu 2016, atamaliza ndi 63. Mickelson yemweyo anatenga The Open ya 2013 ku Muirfield wopanda driver m'chikwama, ndipo tsiku lomaliza anafika pa green ya 17 ndi 3-wood ziwiri zotsatizana. Ngati driver yanu imakutayirani mipira pa maenje opapatiza, 3-wood ili ndi malo m'chikwama chifukwa cha ntchito imeneyi. Kungoti ntchito ya pa tee ndi ya pa udzu n'zosiyana, ndipo mutu wa nkhope yaitali umene umakoma pa tee umavuta pansi, pamene wophwatalala umalowa bwino pansi pa mpira.

Pogula m'pamene ambiri amadzimangira msampha. Malamulo amalola ndodo 14 zokha m'chikwama, choncho iliyonse iyenera kukhala ndi mtunda wakewake. Ndodo zogwiritsidwa kale ntchito si zoipa, koma yang'anani chilembo cha pa mpini. L ndi A ndi yofewa, R ndi yapakati, S ndi X ndi youma ya anthu a liwiro lalikulu. Mpini wa X umene munaupeza motchipa, kapena umene anakusiyirani mnzanu wa msinkhu wina ndi mphamvu zina, udzakupatsani mipira yotsika yothawira kumanja, inu n'kumadziimba mlandu pachabe. Werenganinso madigiri olembedwa pansi pa mutu, chifukwa nambala yokha imanamiza: pali ma 3-wood a madigiri 13 opangidwira akatswiri, ndipo pali a 16 kapena 17 amene ndi osavuta. Ndipo manyazi onyamula 7-wood muwasiye. Kale ankati ndi ndodo ya madala ndi amayi, koma Dustin Johnson, mmodzi mwa omenya kutali kwambiri, anali nayo m'chikwama pamene ankatenga Masters ya 2020. Imakweza mpira m'mwamba n'kuutsitsa mofatsa kuti uime pa green, chinthu chimene 3-wood ya munthu wamba sichita.

Mtunda woti muziudziwa ndi umene mpira umauluka usanagwe, chifukwa dziwe ndi mchenga sizioloka ndi kugubuduka. Ndipo usakhale wa shoti imodzi ija munamenya bwino chaka chatha mphepo ili kumsana. Mukapita kokaphunzira sabata ino, ikani mipira khumi pa udzu, osati pa tee, muimenye ndi 3-wood, khumi ina ndi 5-wood. Pemphani caddie wanu aime pambali aziona pomwe uliwonse ukugwera, ndipo muwerenge yonse, yophonya yomwe. Ngati mipira yokwera bwino ya 3-wood sikwana theka, ndodoyo muziitulutsa pa tee pokha kufikira manja atazolowera. Ndipo tsiku limene mpira woyamba udzatuluke m'malire, caddie akakupatsirani iron, ilandireni.