Msana ndi Nyamakazi: Mafunso ndi Mayankho

 Makalata ochokera kwa inu omvera wailesi achuluka, ndipo ambiri akudandaula msana, monga zimakhalira nyengo ino ya makasu.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wothyola tiyi ku Thyolo, amene akuti m'chiuno mukuwawa, ndipo akufunsa ngati si impso. Mayi, impso zimasenzetsedwa milandu yambiri imene sizinapalamule. Ululu umene umakula mukawerama, nuchepa mukapumula, kawirikawiri ndi wa minofu yotopa ndi dengu. Thowani ndi madzi ofunda, imwani panado, koma musagone pamphasa sabata yathunthu, pakuti msana wogonekedwa umauma. Ambiri amachira pasanathe masabata 6.

Bambo wa kabaza wa ku Dedza akuti ululu ukuyambira m'thako, nutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuchidendene, ndipo phazi likuchita dzanzi. Bambo, m'chiuno muli mafupa 5, ndipo pakati pa fupa ndi linzake Mlengi anaikapo kanthu kofewa kokhala ngati nkhata. Munthu akanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50 mawondo ali chiwongokere, napotoloka nalo, nkhatayo imatha kufufuma nkukanikiza mtsempha waukulu wotsikira kumwendo. Mwendo ndiwo umalira, koma mlandu uli kumsana. Pitani kumafizo, yendani pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo ponyamula katundu pindani mawondo ndi kuitana mnzanu, popeza mutu umodzi susenza denga. Koma mkodzo ukayamba kutuluka wokha kapena kukanika, kapena dzanzi likafika pakati pa miyendo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono nayi kalata imene yandikhalitsa chete. Mayi wina wa ku Ntcheu akulemba za amuna awo, amene msana wakhala ukuwawa kuchokera nthawi yokolola. Usiku ndiye sagona, thukuta limanyowetsa zofunda, thupi latha, ndipo pamsana patuluka kalinunda. Anawatemera mphini, ndipo akumwa indosidi wogula pamsika.

Mayi, ndikupemphani kuti mawa lomwe muwatengere bambowo kuchipatala cha boma. Ndanena sabata ndi sabata, ndipo sindidzatopa kunena, kuti msana wa khasu umatonthola munthu akagona, koma msana umene umadzutsa munthu pakati pa usiku, nubwera pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta, umenewo si wa kutopa ayi. Chifuwa chachikulu, chimene ambiri mumayesa kuti chimakhala m'mapapo mokha, chimalowanso m'mafupa a msana, nichiwadya mwakachetechete kufikira atafumbwa ndi kugwerana; linunda lija ndiye umboni wake, ndipo chotsatira chake ndi kufa kwa miyendo. Matendawa si achilendo, pakuti dokotala wa ku London, Percivall Pott, anawalongosola kale m'chaka cha 1779, nthawi imene kunalibe mankhwala ake. Lero mankhwala alipo, ngaulere, ngakhale kuti amamwedwa miyezi yambiri osadumphitsa. Ndipo poyezetsa musakane kuyezetsanso HIV, chifukwa matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

Ndikumbuka mnyamata wina, mphunzitsi, amene abale ake anabwera naye kwa ine kuchipatala pangolo, atazungulira naye kwa asing'anga ndi kumapemphero pafupifupi chaka chathunthu. Nditamuvula malaya ndinapeza mphini zandandalika kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, zina zikadali zaziwisi, ndipo mbuzi za pakhomo zinali zitathera komweko. Amalume ake anandiuza monong'ona kuti anamutchera mankhwala panjira chifukwa cha nsanje. Mnyamatayo anachira, koma ayenda ndi ndodo moyo wake wonse. Ine pemphero sindiletsa, ndipo nanenso ndimapemphera. Koma kodi munthu sangapemphere ali pamzere wa kuchipatala?

Nanga indosidi ameneyu, ndi bulufeni, amene mukumwa ngati chiponde, mwina mmimba mulibe kanthu! Amagonetsa ululu, koma akamwedwa miyezi amaboola zilonda za m'mimba, nawononga impso zomwe zija mumaziopera. Amayi oyembekezera asamwe popanda mawu a dokotala. Ndipo inu achikulire amene msana wayamba kuwawa pamodzi ndi kuvutika pokodza, ndi inu amayi amene ukuwawa pamodzi ndi kutaya magazi kosayembekezeka, kayezetseni khansa. Safunsa anadya phula.

Nthawi yatithera, koma ndiyankhe mnyamata wa ku Mzuzu, amene akuti anzake amuuza kuti msana ukumuwawa chifukwa sanakwatire. Mwana wanga, okwatira ndiwo adzaza benchi ya kuchipinda kwanga. Wanena wekha kuti umakhala pa mashini osokera kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa; dzuka pafupipafupi, uwongole msana, ndipo mpando wakowo uukhomere chotsamira.