Kabati ya TV Pabalaza: Mmisiri Ayankha Makalata a Omvera

Muulutsi: Lero tili pa nkhani ya kabati yoikapo TV, ndipo makalata afika ambiri ndithu, ena ochokera konkuno ku Soche, ena ku Limbe, ku Bangwe ndi ku Ndirande. Muno ndili ndi mmisiri wa matabwa amene wagwira pulena kwa zaka zoposa 30. Bambo, mwaswera bwanji?

Mmisiri: Ndaswera bwino achimwene, kaya inu ndi omvera kunyumbako.

Muulutsi: Taswera. Kalata yoyamba ndi ya mnyamata wa ku Chimwankhunda. Akuti: "Ndagula TV yopyapyala ya mainchesi 43, koma sikukwana mu disipuleyi imene anatisiyira malemu bambo. Ndikufuna kukhoma ndekha kabati yatsopano. Miyeso yake ikhale yotani, ndipo ndiyambire pati?"

Mmisiri: Madisipuleyi amenewo ndikuwadziwa bwino, tinakhoma ambiri wailesi ya kanema ya TVM itangoyamba kuulutsa ku Kwacha mu 1999. Tinkasiya chibowo pakati cha TV zakale zija zachimsana, uku ndi uku magalasi oonetsera mbale za mayi. TV zamakono siziyenda ndi mapangidwe amenewo.

Choyamba, achimwene, mainchesi 43 si mulifupi mwa TV yanu. Amayeza mopingasa, kuchokera pangodya yakumunsi kufika pangodya yakumwamba ya mbali inayo. Mukaiyeza ndi tepi kuchokera kumanzere kupita kumanja mupeza masentimita 97 kapena kuyandikira pamenepo. Ya mainchesi 32 imakhala cha m'ma 73, ya 55 cha m'ma 123. Yezaninso mtunda wa pakati pa timiyendo take, chifukwa TV zambiri timiyendo timakhala kumapeto kwenikweni. Kabati yanu italike masentimita 120, kuya kwake 40, msinkhu 55 mpaka 60 kuphatikiza miyendo. Khalani pa sofa yanu, yang'anani kutsogolo osadzutsa mutu. Pamene maso agwera m'pamene pakati pa TV payenera kukhala. Anthu amakonda kuikweza m'mwamba ngati m'balaza la mpira, kenako n'kumadandaula khosi.

Muyeso wa 120 ndi 40 sindinautchule mwangozi. Shiti imodzi ya bulokubodi ndi mafiti 8 kwa 4, kutanthauza masentimita 244 kwa 122. Ichekeni mulitali kawiri, mupeza timizere titatu ta masentimita 40, ndipo masentimita awiri otsalawo adyedwa ndi mano a sowo ndi pulena. Mzere woyamba ukupatsani pamwamba ndi pansi. Wachiwiri ukupatsani mbali ziwiri ndi zogawa pakati ziwiri. Wachitatu ndi wa zitseko ndi mashelefu. Shiti imodzi kabati yatha, chotsala ndi pulaiwudi wopyapyala wakumbuyo ndi kamtengo ka miyendo.

Polumikiza musadalire misomali yokha. Pamene shelefu kapena chogawa chikulowa, lembani mizere iwiri ndi sikweya, chekani pang'ono ndi sowo, semani ndi tchizulo kangalande kakuya mamilimita 5 kapena 6, kuti thabwa likhale m'kati mwa linzake. Pakani guluu woyera uja, panani ndi kilampu, kenako masikuluu, mutayamba mwabowola kuti thabwa lisang'ambike. Musanakhome chakumbuyo, yezani mopingasa mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana ndiye kuti bokosi lanu lili sikweya. Ikasiyana ngakhale ndi theka la sentimita, kankhani pangodya mpaka ifanane, apo ayi zitseko mudzalimbana nazo mpaka kalekale. Ndipo disipuleyi ya bambo musaitaye. Ngati ndi ya mbawa kapena mlombwa, matabwa amenewo simudzawapezanso.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya mayi a ku Manje, ndipo akumveka okhumudwa. Akuti: "Ndinagula kabati yokongola m'mbali mwa msewu, yonyezimira ngati galasi. Pasanathe miyezi itatu pamwamba pang'ambika, chitseko chimodzi chapindika sichikutsekeka. Ndalama zake ndinasonkha kubanki m'khonde chaka chathunthu. Kodi ndinalakwitsa pati?"

Mmisiri: Pepani kwambiri mayi. Kalata ngati iyi imandipweteka, chifukwa imaipitsa dzina la tonse ogwira ntchito imeneyi. Inu simunalakwe. Anakugulitsani chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabati yanu anaikhoma ndi matabwa aawisi.

Mtengo ukangochekedwa umakhala wodzaza madzi. Paini wamuwisi nthawi zina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha. Madzi aja akamachoka, thabwa limafota, ndipo limafota mulifupi, mulitali silisintha kwenikweni. Ndiye taganizani, munthu walumikiza matabwa atatu aawisi kupanga pamwamba, wawakhomerera ndi misomali mbali zonse, wapaka vanishi kunja kokha. Mwaika m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala. Thabwa lililonse likufuna kufota koma lamangidwa. Lichita chiyani? Ling'ambika. Chitseko nacho chimauma mbali imodzi msanga kuposa inayo, n'chifukwa chake chimapindika ngati chipande.

Masiku ano vutoli lakula chifukwa matabwa akusowa. Ku Chikangawa kunali mahekitala pafupifupi 53,000 a paini, amene anabzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 ndi cholinga chopanga mapepala, koma moto ndi kudula kosabzala zatha gawo lalikulu. Thabwa likachekedwa lero, mawa lili pa lole, mkuja lili pamsika ku Ndirande kapena ku Limbe, ndipo mmisiri amene ali ndi njala alipala tsiku lomwelo.

Thabwa laliwisi silibisala. Linyamuleni, limalemera mopitirira msinkhu wake. Ligwireni ndi kuseri kwa dzanja, limazizira ngati khoma la kubafa. Ligogodeni ndi chala. Louma limalira kuti ngwe, laliwisi limangoti phu. Mmisiri akamacheka, yang'anani utuchi. Wa thabwa louma umauluka, wa laliwisi umagwirana mukaufinya m'manja. Pa kabati yothaitha, tsegulani chitseko, lowetsani dzanja pansi pa shelefu pamene sanapake kanthu, ndipo nunkhizani. Fungo lamphamvu la utomoni likuuzani zoona zimene vanishi akubisa.

Ine ndikagula paini sindimukhudza msanga. Ndimamuyala pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndikuika timitengo topingasa pakati pa thabwa ndi thabwa, pamwamba ndikutsamiritsa miyala. Wa inchi imodzi ndimamupatsa miyezi iwiri kapena itatu m'chilimwe. Nthawi ya mvula, kapena Juni ndi Julaye chiperoni chikamatsika m'phiri la Soche, amafuna yoposa pamenepo. Bulugamu ndiye wovuta zedi, amang'ambika ndi kupotoka ukamufulumizitsa. Malaina ndimawakonda, akauma amakhala phee, koma kuuma kwake n'kochedwa.

Kabati yanuyo isatayidwe mayi. Pofika pano yauma yokha. Mmisiri wabwino achotse pamwambapo, apale m'mbali mwa matabwa, alumikizenso ndi guluu. Chitseko chopindikacho ndiye chofunika china.

Muulutsi: Pomwepo bambo, pali uthenga wa bambo ena a ku Namiwawa. Akuti iwo safuna paini, akufuna mkungudza wa ku Mulanje chifukwa cha fungo lake, ndipo wina wawalonjeza kuti awapezera.

Mmisiri: Bambo, chonde mukanizeni munthu ameneyo. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse la Mulanje. Thabwa latsopano la mkungudza limene mungalione lero kawirikawiri limakhala lakuba. Ife a ku Soche sitifunikanso kuuzidwa za mapiri ometedwa. Ndili mwana phiri ili linali ndi mitengo yoti dzuwa silifika pansi. Mu Malichi 2023 Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala pa Chilobwe ndi Manje, ena mwa amene tinawaika m'manda anali makasitomala anga, ndipo manja omwewa anakhoma mabokosi awo. Pa benchi langa mkungudza sufikapo. Mukafuna mtundu wakuda wooneka bwino, paini wouma amalandira steini bwinobwino. Kapena funani chitseko chakale cha mbawa kwa ogumula nyumba, tichipale, mudzadabwa kukongola kwake.

Muulutsi: Mayi a ku Chilobwe akufunsa za matabwa a m'mashopu aja osalala. Akuti kabati yawo yafufuma kumunsi ngati buledi wonyowa.

Mmisiri: Imeneyo ndi MDF kapena chipibodi. Ndi ufa wa mtengo kapena tizidutswa topanikizidwa ndi guluu. Pamalo ouma ilibe vuto, ndipo imalandira penti bwino, koma ikamwa madzi sibwereranso. Ndiye nyumba zathu timakolopa m'mawa uliwonse, ndipo m'dzinja simenti imatuluka thukuta. Kabati iliyonse ikhale ndi miyendo ya mtengo weniweni, masentimita 10 kapena 12, kuti chokolopera chizidutsa pansi. Izi zimathandizanso kuona msanga chiswe chikayamba kumanga njira yake pakhoma. MDF imagonjanso ikalemedwa, choncho shelefu yake isapitirire masentimita 60 popanda chochirikiza. Bulokubodi, ngati amene amapanga a Raiply ku Chikangawa, m'kati mwake muli timitengo tenitweni togundizana. Ndi wopepuka, amagwira sikuluu, koma dulani kuti timitengoto titsate utali wa shelefu, ndipo m'mphepete mutseke ndi kathabwa kopyapyala.

Muulutsi: Iyi yachokera ku Zingwangwa. "Dekoda yanga imatentha n'kuzima yokha mpira uli m'kati. Ili m'kabati yotseka ndi galasi. Komanso makoswe adya kale mawaya kawiri."

Mmisiri: Dekoda ikupuma mpweya wake womwe. Kaya ndi ya GOtv, DStv, Azam kapena Kiliye Kiliye, ili ndi timabowo totulutsira kutentha, ndipo imafuna mpata wa zala zinayi pamwamba ndi m'mbali. Chipinda chapakati cha kabati chisakhale ndi chitseko. Izi zithandizanso rimoti, chifukwa kuwala kwake sikudutsa thabwa. Kansalu koluka kaja amayi amakonda kuyala pa dekoda kachoke, kakayalidwe pena. Kumbuyo bowolani mabowo awiri, lina kumunsi lolowetsa mpweya wozizira, lina kumwamba lotulutsa wotentha, ndipo mukhomepo kawaya ka sefa kuti khoswe ndi mphemvu asapeze khomo. Bowo la mawaya likhale lokwana pulagi yathu ya mano atatu, masentimita 6 akwana. Ekisitenshoni musaisiye pansi. Ikhomereni kumbuyo kwa kabati m'mwamba, pamodzi ndi kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Koma za kukoka waya m'khoma itanani wodziwa zamagetsi, imeneyo si ntchito ya kalipentala.

Muulutsi: Mtsikana wa ku Kanjedza wangolemba Fomu 4. Akuti akufuna kuphunzira ntchitoyi koma akunyumba akumuseka kuti ndi ya amuna.

Mmisiri: Mwanangu, pulena safunsa kuti wamugwira ndani. Soche Technical College ili pafupi ndi kwanuko, ndipo TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imalengeza malo a maphunziro a ntchito zamanja chaka ndi chaka. Lemba kalata yofunsira malo. Podikira, pempha mmisiri wapafupi uzimuthandiza kukwecha ndi sandipepa. Atsikana amene ndawaphunzitsapo amayeza mosamala kuposa anyamata ambiri, ndipo ntchito ino yagona pa kuyeza.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya bambo a ku Bangwe. "Mwana wathu wa zaka ziwiri anakoka TV, mwamwayi inagwera pa sofa. Tili m'nyumba ya lendi ndipo alandilodi salola kubowola khoma. Titani?"

Mmisiri: Thokozani Mulungu bambo, ndipo musagone usiku uno musanachitepo kanthu. TV zopyapyalazi n'zopepuka, timiyendo take n'tating'ono, mwana akangogwira m'mphepete kuti aimirire imabwera yonse kumaso kwake. Ndinapitapo kunyumba ina kukakonza kabati imene mwana anatsegula madilowa n'kukwerapo ngati makwerero. Kabatiyo inali yayitali, yopapatiza, yonse inamugwera. Anapulumuka, koma chipsera pamphumi ali nacho mpaka lero.

Kuseri kwa TV yanu kuli mabowo anayi a masikuluu. Ngati khoma saloleza, mmisiri akhome thabwa lolimba loimirira kumbuyo kwa kabati, lochokera pansi penipeni, lomangidwa ndi mabawuti, ndipo bulaketi ya TV imangidwe pa thabwalo. Pamenepo TV ndi kabati zakhala chinthu chimodzi, ndipo posamuka mungomasula. Kabatiyo ikhale yaifupi ndi yotakata, zolemera monga ampulifaya ndi batire zikhale m'chipinda chapansi. Ngodya zapamwamba azizungulize ndi pulena, chifukwa msinkhu wa masentimita 60 ndi pomwe pali diso la mwana woyamba kuyenda. Zitseko zagalasi zidikire akule. Ndipo rimoti, maswiti kapena foni musaziike pamwamba pa kabati iye akuona, chifukwa chimene chimamukweza ndi chimenecho.

Amene muli m'nyumba zanuzanu, bulaketi yapakhoma ndi yabwino, koma onani khomalo. Pa njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, mabawuti amagwira. Pa zidina zopaka pulasitala musayerekeze, bawuti imazuka ndi dothi lake lomwe.

Muulutsi: Nthawi yatithera. Kalata ya mayi a ku Chirimba yofunsa za bedi limene layamba kutuluka ufa ngati wafumbwe tiyamba nayo sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi.