Linux Yooneka Ngati Windows

Kuno ku Kaunda Square, ena mwa ife tili ndi makompyuta akale amene tinagula m'tauni kapena kupatsidwa ndi achibale. Ambiri mwa makompyutawa amayendera Windows 10. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana kulowa m'makompyuta ambiri akale. Kodi tiwataye? Ayi ndithu. Tingathe kuikamo Linux.

Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, monga imachitira Windows. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Ndi yaulere. Aliyense amaloledwa kuona mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawirako anzake. Ngakhale foni za Android zimene tili nazo m'matumbamu, mkati mwake muli Linux.

Chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi maonekedwe. Munthu anazolowera kupeza batani la menyu pansi, pakona ya kumanzere. Akapanda kuliona pamenepo, amangoti kompyutayi ndi yovuta.

Apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Linux ili ndi mbali ziwiri. Mbali yamkati sitiiona, koma ndiyo imalamulira kiyibodi, mausi ndi malo osungira mafayilo. Mbali yakunja ndi imene timaiona pa sikirini, ndipo akatswiri amaitcha desktop. Zili ngati nyumba: mungapake utoto wina ndi kusuntha mipando, koma maziko ndi makoma osawakhudza. Ma desktop alipo angapo, monga GNOME, KDE Plasma, Xfce ndi Cinnamon, ndipo mumasankha nokha. Xfce ndi yopepuka, motero imayenda bwino pa kompyuta yokalamba.

Pa Xfce, kusintha maonekedwe kumachitikira pa malo olembedwa kuti Settings. Choyamba, tsitsani mzere wa mapulogalamu ukhale pansi pa sikirini. Kenako ikani batani la menyu kumanzere, wotchi kumanja. Pomaliza sankhani theme, imene imasintha mitundu ndi tizithunzi ta mafoda. Mukatero, diso limapeza chilichonse pamene linazolowera.

Ngati zimenezi zikukuchulukirani, ena anakugwirirani kale ntchitoyi pokonza mitundu yawo ya Linux. Linux Mint imabwera menyu ili kale pansi kumanzere. Zorin OS, yochokera ku Ireland, ili ndi malo otchedwa Zorin Appearance, pamene mumangodina chithunzi cha maonekedwe amene mwakonda. Ine ndimalangiza woyamba kumene kuti atenge imodzi mwa ziwirizi.

Koma samalani. Kuoneka ngati Windows sikusandutsa Linux kukhala Windows. Mapulogalamu a Windows, amene maina awo amathera ndi .exe, sayenda okha pa Linux. Polemba kalata kapena powerengetsa ndalama za kagulu kanu ka chilimba, gwiritsani ntchito LibreOffice. Ndi yaulere, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Musanaike Linux, koperani zithunzi ndi makalata anu onse pa fulashi ina, chifukwa kuikako kungafufute zonse. Ngati ndi laputopu, onetsetsaninso kuti batire ladzaza, poti magetsi akathima ntchito ili pakati mudzayambiranso.

Tsopano dzifunseni: ndi mbali iti ya Linux imene timasintha, nanga ndi iti imatsala momwemo? Mukapita kwa wokonza makompyuta, mupempheni ayambe wakuyatsirani Linux Mint kuchokera pa fulashi, muione ndi maso anu musanavomere kuti aiike.