Gawo la Abwana ku Penshoni: Mafunso ndi Mayankho ku Joni

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Rosettenville, yemwe amagwira ntchito m'fakitale. Akufunsa kuti: "Kampani imasonkhera mamanejala ndalama zambiri ku penshoni, koma ife imatisonkhera zochepa. Kodi lamulo limalola zimenezi?"

Katswiri: Zikomo bambo. Ku America, lamulo la misonkho limalamula kuti makampani ambiri okhala ndi thumba la penshoni la 401(k) aziyerekeza chaka chilichonse zimene amasonkhera olandira malipiro apamwamba ndi zimene amasonkhera ena onse. Zikasiyana mopyola malire, kampani imakakamizidwa kukonza. Kuno ku South Africa mayeso otere kulibe. Komanso palibe lamulo lokakamiza bwana aliyense kusonkha, mosiyana ndi kwathu ku Malawi komwe bwana amasonkha 10 peresenti, wantchito 5.

Chokutetezani kuno ndi gawo 6(4) la Employment Equity Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014. Limaletsa kusiyanitsa mopanda chilungamo anthu ogwira ntchito yofanana. Manejala kusonkheredwa zambiri chifukwa cha udindo wake si mlandu pakokha. Koma ngati mnzanu wa pamakina omwewo akusonkheredwa, inu ayi, chifukwa cha mtundu wanu kapena dziko lochokera, pitani ku bungwe lothetsa mikangano ya pantchito la CCMA miyezi 6 isanathe.

Wowulutsa: Kalata ina ndi ya mayi wa ku Hillbrow, mlonda. Akuti: "Pa peyisilipi amandidula mwezi ndi mwezi, koma ku thumba akuti ndalama sizikufika."

Katswiri: Pepani mayi, zimenezi n'zopweteka, chifukwa ndi thukuta lanu. Gawo 13A la Pension Funds Act ya 1956 limati bwana apereke ku thumba zomwe wakudulani pamodzi ndi gawo lake, masiku 7 asanathe mwezi ukatha. Kulephera ndi mlandu, ndipo chilango chimatha kufika R10 miliyoni kapena zaka 10 kundende. Madayirekitala angathe kukakamizidwa kubweza za m'thumba mwawo. Kuyambira 2023, bungwe loyang'anira mathumba a penshoni la FSCA limatulutsa maina a mabwana otere. Sonkhanitsani mapeyisilipi anu, lemberani a thumba kalata, ndipo akapanda kukuthandizani kadandauleni kwa Pension Funds Adjudicator ku Pretoria. N'zaulere, koma musadikire kuti zaka 3 zidutse.

Wowulutsa: Mawu omaliza?

Katswiri: Abale anga, gawo la abwana si mphatso, ndi mbali ya malipiro anu. Sungani peyisilipi iliyonse, ndipo chaka chilichonse funsani chikalata choonetsa ndalama zanu ku thumba. Zikapanda kugwirizana, dandaulani mudakali pantchito.