Zidole Zophunzitsa Anamwino ndi Azamba

Mayi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akataya magazi ambiri atangochira, moyo wake suli m'manja mwa mzamba yekha ayi. Pafunika mnzake womthandiza, mankhwala oletsa magazi, nyale ngati magetsi azima, lamya, ambulansi yokhala ndi mafuta, ndiponso magazi okonzeratu ku Lilongwe, pa chipatala cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central. Chimodzi mwa izi chikasowa, ntchito ya enawo ipita pachabe. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Chifukwa chake ophunzira unamwino ndi uzamba, monga a ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2021, amayamba ayesera pa zidole asanagwire munthu. Chimodzi, chotchedwa NeoNatalie, chimapangidwa ndi kampani ya ku Norway. Amachithira madzi kuti chilemere ngati khanda, ndipo mphunzitsi akafinya kampira chifuwa chake chimakwera ngati chikupuma. Maphunziro a Helping Babies Breathe, amene anayamba m'Malawi mu 2011, amanena kuti khanda losapuma lithandizidwe isanathe mphindi imodzi.

Phunziro labwino limayenda motere. Wina akhala mzamba, wina dalaivala, wina mdikiri wa wodwala. Mphunzitsi abisa dala chipangizo chopumitsira khanda m'kabati yokhoma, kiyi nkumpatsa wina amene watuluka panja. Mphindi ija itha anthu ali pikitipikiti kufunafuna. Pambuyo pake onse akhala pansi. Safunsa kuti, "Walakwa ndani?" koma, "Nchiyani chinatichedwetsa, ndipo tikonze potani?" Motero wophunzira azindikira kuti luso la manja palokha silikwanira. Ayenera kuona njira yonse imene wodwala amadzera, kuchokera kumudzi kufikira kuchipatala chachikulu. Chidole chikalephera kupuma palibe maliro, angoyambanso.

Mu 1994 akatswiri awiri, Thaddeus ndi Maine, analongosola kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kutsimikiza zopita kuchipatala, kuchedwa m'njira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Taonani kuti kuwiri koyambako kumachitika wodwala asanaonane ndi namwino.

Tsono inu amfumu, abambo ndi apongozi, ntchitoyi ndi yanunso. Mayi apite kusikelo mimba ikadali yaing'ono. Masiku akayandikira, makamaka nyengo ya dzinja pamene mitsinje imadzaza, akadikire kuchipatala. Panganani msanga za njinga kapena ngolo, ndi za munthu wotsala ndi ana. Yeseraninso inu pamudzi tsiku lina: mayi atadwala usiku uno, ndani angadzutse mnzake, ndipo ndalama ya ulendo ili kuti?