MTANDA WA CITSULO PAMWAMBA PA KHOMO NDI ZENERA

Alimi a ku Mkaika ndi a m'midzi yonse ya Katete, Sinda ndi Vubwi, nyengo yomanga nyumba ndi ino. Cimanga, nshawa ndi thonje zagulitsidwa, njerwa zaochedwa, ndipo ambiri afuna kufolera mvula ya Novembala isanagwe. Phunziro la lero ndi la mtanda wa pamwamba pa khomo ndi zenera, umene amisiri aucha lintala.

Khoma liri lonse litsitsa kulemera kwace kufikira ku maziko. Koma pa khomo ndi pa zenera palibe njerwa zolandira katunduyo. Mtanda ndiwo usenza njerwa za pamwamba pamodzi ndi denga, nupereka kulemerako ku njerwa za mbali ziwiri. Ukafooka, mng'alu uyambira pa ngondya ya khomo nukwera mokhota, citseko cikana kutseka, ndipo ndalama za dzinja lathunthu zithera pa kukonza.

Ambiri aika mtengo. Koma mlombwa ndi mitengo ina yolimba yayamba kusowa, ndipo mtengo wamba ciswe ciudya mkati, kunja uli kuonekabe wabwino. Paja cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ena asanja njerwa pa feremu ya citsulo ya citseko, poyesa kuti idzasenza khoma. Feremu ndi yopyapyala. Nchito yace ndiyo kugwira citseko basi.

KUSANKHA CITSULO

1. Gulani citsulo copindika monga cilembo ca L, cimene m'masitolo a ku Katete ndi ku Chipata acicha angle iron. Citsulo cathyathyathya cipindika msanga.

2. Pa khomo kapena zenera losapitirira masentimita 120, mbali zace za citsulo zisacepere mamilimita 75, ndipo kucindikala kwace kukhale mamilimita 6. Khoma la mizere iwiri ya njerwa lifuna zitsulo ziwiri, mzere uli wonse cace.

3. Citsulo cilowe m'khoma masentimita 15 mbali iri yonse. Motero khomo la masentimita 90 lifuna citsulo ca masentimita 120. Musalole mmisiri acidule cacifupi pofuna kuti cotsala cikwanire zenera lina.

4. Zitsulo zakale za ngolo, za pulawo kapena za galimoto musaziike. Cimene cinapindikapo kale kapena cinadyedwa ndi dzimbiri sicidziwika mphamvu yace.

KUIKA CITSULO

1. Palani dzimbiri lonse, ndipo pakani penti wofiira woletsa dzimbiri kawiri. Dzimbiri litupa, ndipo potupapo likankha njerwa ndi kung'amba pulasitala.

2. Ngakhale nyumba yonse imangidwe ndi dothi, mizere itatu ya njerwa pamene pakhale nsonga za citsulo imangidwe ndi simenti: muyeso umodzi wa simenti, inai ya mcenga. Sankhani njerwa zathunthu, zakupsa bwino.

3. Yalani simenti, khazikani citsulo, ndipo ciyeseni ndi levulo. Musacikweze ndi timiyala kapena zibenthu za njerwa.

4. Cirikizani citsulo pakati ndi mtengo, ndipo musaucotse kufikira njerwa za pamwamba zitagwirana.

5. Pofolera, mtanda waukuru wa denga usatsamire pakati peni-peni pa khomo. Utsamire pa khoma lathunthu.

MAKOMO AKURU

Nyumba yosungiramo matumba a cimanga ndi feteleza, kapena yolowamo ngolo, ifuna khomo lalikuru. Pamenepo citsulo ca L sicikwanira. Pafunika mtanda wa konkire wokhala ndi ndodo za citsulo mkati, monga zija azicha Y12. Konkire asakanizidwe cotere: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mcenga wa kumtsinje, inai ya miyala yoswa. Ndodo zazikuru zikhale kunsi kwa mtanda, cifukwa kunsiko ndiko kukokeka katundu akalemera, ndipo konkire azikute masentimita awiri ndi theka kuti cinyezi cisazifike. Thirani madzi masiku 7. Mitengo yocirikiza ikhale milungu iwiri kapena kuposa, pakuti konkire afika pa mphamvu yace pakapita masiku 28. Kuona maso a nkhono nkudekha. Za kucuruka kwa ndodo ndi kuzama kwa mtanda wotere, funsani a zomanga ku Khonsolo ya boma lanu musanagule kanthu.

Zipangizo zonsezi ziri m'dziko lathu lomwe lino. Kampani ya simenti ya ku Chilanga inayamba mu 1949, ndipo ndodo za citsulo zipangidwa ku Kafue. Mtengo wa zitsulo za makomo ndi mazenera ndi wocepa pouyerekeza ndi wa malata a nyumba yonse. Cifukwa cace, powerengera ndalama za zokolola, lembani citsulo pamodzi ndi malata ndi simenti, osati pambuyo pace zitatha. Tsiku loika mitanda mwini nyumba asapite kumunda kapena kumsika. Akhale pomwepo ndi tepi m'manja, ayese yekha masentimita 15 mbali iri yonse njerwa zisanakwere.