PHUNZIRO 6: TIPHUNZIRE KULEMBA ZIKWANGWANI ZA M'LAIBULALE YATHU

Cholinga

Pakutha pa phunziro ili, tidziwe kulemba zikwangwani ndi zizindikiro zothandiza munthu aliyense, ngakhale wowerenga movutikira, kupeza yekha buku limene akufuna.

Tione zimene zimachitika

Tiyerekeze kuti pamudzi pathu, muno m'boma la Ntcheu, pali mai amene amuna ao amwalira. Achibale a malemuwo akufuna kutenga malata, njinga ndi mbuzi. Maiyu wamva kuti kuparishi kuli kabuku kofotokoza lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Wafika, koma pakhomo sipanalembedwe kanthu. M'kabati mabuku angounjikana: a ulimi, a mapemphero ndi a malamulo pamodzi. Chidziwitso chokha chimene chilipo nchotumbuluka, cholembedwa ndi bolopeni, m'Chingerezi. Maiyu achita manyazi kufunsa, nabwerera. Kabuku kanalipo ndithu, koma mbuzi zapita.

Sikuti woyang'anira mabuku anali wouma mtima ai. Chimene chinasowa ndi luso lochepa chabe, loti tonse tingaphunzire.

Phunziro la nyali ndi tambala

Akuluakulu pakati pathu akukumbukira riferendamu ya pa 14 June 1993. Nyali inkaimira zipani zambiri, tambala wakuda ankaimira chipani chimodzi. Agogo amene sanapondeko m'kalasi anavota osalakwitsa. Chifukwa chiyani? Chithunzi chilichonse chinkanena chinthu chimodzi basi. Nyali ndi tambala nzinthu zimene aliyense ankazidziwa. Ndiponso ziwirizi sizinkafanana mpang'ono pomwe. Ngati zithunzi ziwiri zinathandiza dziko lonse kusankha tsogolo lake, nanga zingalephere kulozera munthu pamene pali buku?

Malamulo asanu a chikwangwani chabwino

1. Uthenga ukhale umodzi. Tisanagwire maka, tidzifunse: kodi munthu akaona ichi achite chiyani? Chikwangwani cha pakhomo chingonena kuti pano ndi pa laibulale, masiku ndi maola otsegulira, ndi kuti kuwerenga nkwaulere ngati kulidi kwaulere. Malamulo obwereka mabuku akhale pa pepala lina m'katimo.

2. Chofunika koposa chikhale chachikulu koposa. Diso limayamba lagwera pa chachikulu. Mutu ukhale pamwamba, tsiku ndi malo zitsatire, zina zonse zichepe. Chilembo chotalika masentimita 5 chimawerengeka bwino munthu ali pa mamita 6. Tisalembe chiganizo chonse m'zilembo zazikulu zokhazokha, pakuti ana ndi ophunzira a sukulu za kwacha anazolowera zilembo zazing'ono, zosalumikiza.

3. Zilembo zisiyane kwambiri ndi pepala. Zakuda pa choyera ndiye zooneka koposa, makamaka m'chipinda cha mazenera ang'ono. Tipewe zofiira pa chobiriwira, chifukwa pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso ao sasiyanitsa mitundu iwiriyi.

4. Tisiye mpata. Tionere amai ogulitsa pa msika wa Lizulu. Tomato amamuika payekha, kabichi payekha, mbatata ya kachewere payokha, ndipo pakati pa milu pamakhala danga. Nchifukwa chake wodutsa pa basi amaona msanga chimene akufuna. Nafenso tisiye malo a zala zitatu m'mphepete monse mwa pepala. Tiyambe talemba mizere ndi rula ndi pensulo, ndipo mizere yonse iyambire pamalo amodzi kumanzere.

5. Chizindikiro chisamasinthesinthe. Gulu lililonse la mabuku likhale ndi chithunzi chake: khasu pa ulimi, mai ndi mwana pa zaumoyo, sikelo pa malamulo ndi ufulu, kalulu pa nthano za ana, mtanda pa mapemphero. Chithunzi chimene chili pa shelefu chikhalenso pa kapepala komata pamsana pa buku lililonse la gululo. Tikatero, ngakhale mwana wa Sitandade 2 angathe kubwezera buku pamalo pake.

Tichenjere ndi zizindikiro za zipani

Kuno kwathu zithunzi ndi mitundu ina zili ndi eni ake. Tambala amakumbutsa anthu MCP, chimanga ndi mtundu wa buluu zimakumbutsa DPP, chikasu chimakumbutsa UDF. Nchifukwa chake pa shelefu ya ulimi tasankha khasu osati chimanga kapena nkhuku. Laibulale ndi ya aliyense. Munthu akaganiza kuti ndi ya chipani china, salowanso, makamaka nthawi ya chisankho.

Zipangizo tili nazo kale

Sitifunika kompyuta kuti tiyambe. Katoni yoyera m'kati, maka yakuda, rula, pensulo ndi sizasi nzokwanira. Pomatira tingaphike phala la ufa wa chinangwa. Cha panja tichikute ndi pulasitiki yoonekera, kapena tipemphe wolemba zikwangwani za magolosale atilembere pa thabwa ndi penti. Achinyamata amene amakonza zidziwitso pa foni nkutumiza pa WhatsApp atsate malamulo omwewa: mau ochepa, zilembo za mtundu umodzi kapena iwiri, maluwa ndi nyenyezi ai.

Tiyese tisanapachike

Akulu anati safunsa anadya phula. Wolemba amaona ngati zonse zamveka chifukwa iye akudziwa kale chimene amafuna kunena. Tsono tiitane anthu atatu: gogo, mwana wa sukulu ndi wina wophunzira sukulu ya kwacha. Aimirire pa mapazi khumi, ife tisawauze kanthu, koma tiwafunse: “Mwaona chiyani? Ndiye mukachita chiyani?” Wina akati sikelo yathu ikuoneka ngati ya ogula nandolo, tisakwiye. Wolakwa si iye, ndi chithunzicho. Tijambulenso mpaka atatu onse anene chimodzimodzi.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Ndani m'dera lathu amene sanalowepo m'chipinda cha mabuku? Chimawaletsa nchiyani?
2. Mlendo atafika lero, angadziwe bwanji kuti pano pali mabuku ndi nthawi imene timatsegula?
3. Ndi zithunzi ziti zimene anthu a kuno angazimve mosiyana ndi m'mene ife tikuganizira?

Zoti tichite

Tisankhe anthu anai, amai awiri ndi abambo awiri, mmodzi mwa iwo akhale wachinyamata wodziwa kujambula. Sabata ino agawe mabuku m'magulu asanu. Sabata yamawa alembe chikwangwani cha pakhomo ndi zizindikiro za m'mashelefu, ayambire shelefu ya malamulo. Pa msonkhano wotsatira abwere nazo kuti tonse tidzaziyese.